Magetsi Abwera Masana

Amuna ena akapuma ntchito amaweta nkhunda, ena amakaswera ku bala. A Nowa, amuna ake a Vaileti, anasankha nyale zakufa. Anagwira ntchito ya magetsi ku njanji zaka makumi atatu, ndipo mafakitale a ku Paulington, mu mzinda wa Mutare, atayamba kutsekedwa limodzilimodzi, ankapita ndi wilibala kukapempha nyale zotsala kudenga: zazitali zija za machubu awiri, zachitsulo chokhuthala, zolemera ngati mwana wa chaka. Kunyumba ku Sakubva ankazipala dzimbiri, kuzipaka penti yoyera, kusintha zida zoyatsira, sitata ndi choki, n'kuziyesa. Chubu chikaphethira kawiri n'kuyaka, ankaseka okha.

Vaileti analibe nazo mawu. Zinadzaza pansi pa bedi ndi kuseri kwa chitseko, koma sizinkapempha chakudya.

Tsono a Nowa analonjeza nyale zisanu ndi imodzi ku holo ya tchalitchi chawo, ndipo Lachitatu m'mawa anati akukazipachika. Bokosi lozimitsira magetsi a holoyo linali lokhoma, kiyi anapita naye a Joseph, mkulu wa mpingo, kumaliro ku Tsvingwe.

"Dikirani abwere kaye," anatero Vaileti.

"Ndidikire chiyani? Magetsi apita m'bandakucha. Sabata yonse ino akubwera anthu atagona. Mawaya aja panopa ndi zingwe zoyanikira zovala."

"Anyamata anu a ku njanji munkawaphunzitsa choncho?"

"Ku njanji kunali magetsi, mayi a Joyleen. Kuno yatsala ndi mbiri yake."

Anakankha wilibala n'kupita. Vaileti anasenza dengu la tomato kupita kumsika.

Dzuwa lisanafike paliwombo, wailesi ya wometa tsitsi inangobangula mwadzidzidzi. Kuseri kwa mashopu makina owotcherera zitsulo anayamba kulira. Esnath, wogulitsa anyezi pa benchi loyandikana, anaomba m'manja.

"Adzoka, ambuya, magetsi abwera. Lero timwa madzi ozizira."

Vaileti anali akupatsa munthu tomato. Anangomusiyira mbale yonse m'manja. Foni ya amuna ake inali pawindo kunyumba, batire itatha chiyambire dzulo.

"Esnath, undionere."

"Kwagwanji?"

Vaileti anali atanyamuka kale. Kombi, minibasi ya kumeneko, inali pomwepo koma munali anthu atatu okha, ndipo kombi ya Sakubva sinyamuka isanadzaze. Anamanga chitenje n'kuyamba ulendo wapansi. Mayi wa zaka makumi asanu ndi limodzi mphambu zisanu ndi zitatu sathamanga, koma tsiku limenelo anathamanga, mawondo akuwawa ngati muli mchenga. Shopu iliyonse imene ankadutsa, babu la pakhonde linali likuyaka dzuwa likuswa mtengo. Anakumbukira zimene a Nowa ankanena okha: magetsi sakankha munthu, amamugwira. Dzanja limafumbata waya, mwini wake akufuna kusiya, osatheka.

Atayandikira tchalitchi anatchera khutu kuti amve ngati kuli kulira kwa amayi. Kunali zii. Anayamba kupepukidwa mtima, kenaka anakumbukira kuti Lachitatu sikukhala munthu. Akanalira ndani?

Chitseko cha holo chinali chotsegula pang'ono. Anasuzumira.

A Nowa anali moyo. Anaima pamwamba pa makwerero a matabwa, atapereka msana kuchitseko, akung'ung'udza nyimbo ya m'buku. Kumbuyo kwawo nyale zinayi zimene anapachika kale zinali zikuyaka zonse, zikulira ngati njuchi. Iwo sankaziona, pakuti dzuwa lolowa pa mawindo linameza kuwalako, ndipo makutu awo anatha kalekale ndi phokoso la ku njanji. Dzanja lamanja linachirikiza nyale yachisanu kudenga, yosamangidwa. Lamanzere linagwira waya wofiira pa chikopa chake, nsonga ya kopa ili poyera, kutalika kwa chala chimodzi kuchoka pa chitsulo cha nyaleyo.

Vaileti anayang'ana pakhoma pa swichi. Panali dzenje. Anaichotsa a Nowa, mawaya n'kuwalumikiza okhaokha kuti adzaike yatsopano pomaliza.

Kukuwa kunafika pakhosi, iye n'kukumeza. Munthu wodzidzimuka amagwedeza dzanja. Anavula nsapato, n'kuyenda m'mbali mwa khoma pang'onopang'ono mpaka anafika kutsogolo kumene akanamuona okha.

"Aa, kapitawo wabwera," anatero a Nowa. "Tomato watha kale?"

"Bambo a Joyleen, yang'anani ine. Dzanja lamanzerelo musalisunthe."

"Mukuti chiyani?"

Anakweza mawu pang'ono, akutchula liwu limodzilimodzi. "Magetsi abwera."

"Masana ano? Inu musandiseketse ndili pamwamba." Dzanja linagwedezeka ndi kuseka kuja. Nsonga ya kopa inayandikira.

"Musatembenuke. Yang'anani galasi la wotchi iyo."

Wotchi ya mpingo inali pakhoma patsogolo pawo. A Nowa anakweza maso. M'galasimo munali mizere inayi yoyera. Nyimbo ndi nthabwala zinathera pomwepo. Vaileti anaona thukuta likutsika kuseri kwa khutu, ndi mkono wamanja, umene unasenza chitsulo nthawi yonseyi, ukuyamba kunjenjemera.

"Siyani nyaleyo igwe," anatero.

"Iyi ndi ya enamelo, penti yowotcha yakale ija. Ndinaipala miyezi iwiri. Ina ngati iyi mu Mutare mulibe."

"Siyani."

"Mukanakwera mundigwirire."

"Kuti atiike dzenje limodzi? Bwezani waya kumbuyo, pang'onopang'ono, kenaka musiye."

A Nowa sanasiye. Vaileti anagwira makwerero ndi manja onse, akumva kunjenjemera kwa mwamuna wake kukudutsa m'matabwa. Nyaleyo inayamba kupendekeka, mbali imodzi ikutsikira kumene kunali waya.

"Nowa," anatero. Zaka makumi anayi ndi zisanu za ukwati anali asanawatchulepo dzina pamaso.

Dzanja lamanzere linabwerera m'mbuyo. Lamanja linatseguka. Nyale inagwa pasimenti, machubu onse awiri n'kuphulika, fumbi loyera n'kuti kobo. Waya wofiira anatsala akulendewera yekha m'mwamba.

A Nowa anatsika ngati munthu wodwala malungo, phazi limodzi, kupuma, phazi lina. Atafika pansi anakhala pa benchi la kwaya. Anayang'ana zidutswa zija, kenaka dzanja lawo, limene zala zake zinali zopindikabe.

"Musapume fumbi ilo," anatero motsitsa. "Ndi loipa."

Vaileti anavala nsapato, anatsegula mawindo, n'kutola hamala m'wilibala. Anapita pa bokosi lokhoma lija.

"A Joseph adzakwiya," anatero a Nowa.

"Akwiye."

Loko anatseguka pa kumenya kwachitatu. Anagwetsa chogwirira chachikulu chakuda, nyale zinayi zija n'kuzima, kulira kwa njuchi n'kutha. M'holo munatsala phokoso limodzi lokha, kupuma kwa a Nowa, kothamanga ngati kwa mwana amene walira nthawi yaitali. Vaileti anaima n'kumamvetsera. Kenaka anakhala pansi pomwepo, hamala ili pamiyendo.