Uthenga wa Maliro ku Jamaica Street

"Kwatsala khomo limodzi lomwe sitinaliuze maliro," anatero mayi a Pempho, atakhala pansi pabalaza m'nyumba yawo ya ku Springburn, mumzinda wa Glasgow.

A Chakufwa, ang'ono ake a malemu Ephraim, anaika foni pansi. Chiyambire dzulo anali ataimbira abale a ku Dedza, a ku Leeds, ngakhale msuweni wa ku Joni yemwe sankamwerana madzi ndi malemuwo.

"Khomo liti, alamu?"

"Ku Jamaica Street."

Pempho anaseka koyamba chimwalirire bambo ake. Malemuwo akamadutsa mumsewu umenewo ankavula chipewa n'kupereka moni kwa akapolo a ku Africa, omwe thukuta lawo m'minda ya nzimbe ndi fodya kutsidya kwa nyanja linalemeretsa mzinda wa Glasgow. Ankati, "Manda awo sitikuwadziwa, ndiye tiziwalonjera pompano." Pempho ali wamng'ono ankafa ndi manyazi, n'kumayenda patsogolo ngati sakuwadziwa.

"Alamu, ine mkulu wa mpingo ndikayankhule ndi makoma, azungu akundiona?"

"Chabwino, ndipita ndekha. Amuna anga sangaikidwe anzawo asanamve."

Apa ndiye a Chakufwa anagwidwa pakhosi. Namfedwa kukakwera basi mwamuna wake asanaikidwe? Kumudzi atamva, nkhope akaiika pati? Anatola jekete uku akung'ung'udza, Pempho akuwatsata.

Anafika kukuwaza kamvula. A Chakufwa anasuzumira uku ndi uku ngati wakuba nkhuku.

"Odi kuno," ananong'ona.

"Bambo aang'ono, anthu ake ndi akalekale. Kwezani mawu."

Anatsokomola. Kenaka mawu aja a mkulu wa mpingo anatuluka okha, manyazi onse balala.

"Odi, eni khomo. Ndine Chakufwa, mng'ono wa Ephraim, uja ankakulonjerani. Watisiya, ndipo timuika Loweruka. Akubwera kwanuko, mumulandire. Koma ndikuchenjezeni, mkulu wangayo ndi wolongolola, mupirire naye."

Pempho anaseka mpaka kugwira chitsulo cha pasiteji ya basi, misozi ili mbwembwembwe. Mtima wake unapepuka.

A Chakufwa anapukuta kumaso n'kutembenuka kuti azipita, koma Pempho anawagwira mkono wa jekete.

"Taimani kaye. Adadi akapereka moni sankachoka msanga, ankadikira kuti eni ake ayankhe."

Awiriwo anaima mumvulamo, manja kumbuyo, mabasi akudutsa.