Tsiku Limene Tinapana a Chitseko

Amuna anga anthu amawatchula a Chitseko, ndipo dzinali amalinyadira ngati digiri. Analipeza chifukwa kwa zaka makumi atatu, tsiku la katemera likafika, iwo ndiwo ankaima pampata wa khola lathu, manja atatambasula, kutchinga ng'ombe kuti zisathawe. Pamene anzathu amaikapo geti, ife tinaikapo bambo a ana anga.

Ng'ombe zinawapondapo, zinawagundapo, ina inawathyola chala. Akagwa ankadzuka, n'kusasa fumbi, n'kunena kuti, "Yangondipatsa moni."

Kenako ng'ombe ina yaikazi, imene timaitchula Apongozi chifukwa palibe chimene chimaikondweretsa, inawapatsa moni wa chiboda m'munsi mwa bondo. Patatha masiku atatu anayamba kutsimphina, koma pokhapokha akaganiza kuti sindikuwaona. Anayamba kugona ndi thalauza. Posamba ankakiya chitseko. Munthu amene ndabereka naye ana anayi, lero manyazi! Pochapa ndinapeza banga lachikasu pamwendo wa thalauza, lonunkha, ndipo mtima unandithawa. Ndikatchula chipatala ankangoti, "Amayi, kuchipatala kumapita odwala."

Sabata yomweyo mmisiri wowotcherera zitsulo anali kumaliza ntchito imene mwana wathu wamkazi, amene amaweta nafe ng'ombe, anaiumirira chaka chathunthu mpaka tinagulitsa tinkhunzi tiwiri. Inali njira yopapatiza ya mapaipi, yoti ng'ombe zizilowa imodziimodzi. Kumapeto kwake kunali kachipinda ka mageti awiri. Munthu ali panja amangokoka chitsulo, mbali n'kufinya, ng'ombe n'kuima chilili. M'munsi munali timazenera totsegula pofuna kuona miyendo.

A Chitseko ankadana nacho chinthucho ngati kuti chinawalanda mkazi. M'mawa uliwonse ankapita kukagwedeza mapaipi, n'kubwerako akung'ung'udza kuti chitsulo chilibe maso.

Tsiku lomaliza mmisiri anapukuta manja n'kuuza mwana wanga kuti, "Musanalowetse ng'ombe, munthu mmodzi adutsemo atawerama, mutu uli pamene pamakhala mutu wa ng'ombe. Aone chimene chingaiwopseze kapena kuibaya."

Ine ndi mwana wanga tinayang'anizana. Sitinapangane, Mulungu ndi mboni, koma mwana ndinabereka ndekha.

"Ndilowa ineyo, amayi," anatero mokweza.

"Iwe maso a ng'ombe ungawadziwe?" ndinatero mokweza kuposa iye. "Bambo ako akanatha, koma asiye. Msana wa munthu wamkulu si wowerama nawo."

Ndisanatseke pakamwa, chipewa chinali chitakolekedwa papaipi, eni ake ali m'kati.

Anayenda chowerama, akupeza zifukwa. Apa pali mthunzi. Apa pakuwala kwambiri. Pena anapezadi kansonga kakuthwa kamene mmisiri anaiwala kupala, ndipo ananyada mpaka anaiwala kubisa kutsimphina. Atangofika m'kachipinda, mwana wanga anatseka geti ya kumbuyo. Ine ndinagwira chitsulo chija ndi manja awiri n'kukoka mwaulemu wonse.

"Eya, chikugwira," anatero a Chitseko. "Tsegulani tsopano."

Ndinagwada n'kutsegula kazenera ka m'munsi.

"Amayi, mukutani?"

"Ndikuyesa kazeneraka, bambo. Tagula ndi komwe."

Anayesa kuponya mwendo ngati Apongozi, koma chinthucho mmisiri anachipangira zomwezo. Ndinapinda thalauza mpaka m'bondo, ndipo kuseka kunathera pomwepo. Mwendo unali utatupa mpaka kunyezimira. Kuzungulira bala khungu linali litada, mafinya akutuluka pansi pa kansanza kamene anakanyika m'mankhwala opopera zilonda za ng'ombe. Mmisiri anatembenuka n'kuyamba kulongedza zida zimene anali atalongedza kale. Mwana wanga anagwira pakamwa.

Ndinakwiya koopsa. "Mukufuna mundisiye ndi ng'ombe zanuzi? Samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu, inu mukudikira chiyani?"

Anatsamiritsa chipumi papaipi. Atayankha, mawu anali aang'ono, osakhala awo.

"Ndikakagona kuchipatala, muona kuti khola likuyenda popanda ine. Ndikabwerako ndidzaima pati?"

Apo m'pamene ndinamva chisoni, chifukwa zaka zonsezi ndinkayesa kuti ndi liuma chabe.

"Geti tagula kwa mmisiri uyu," ndinatero. "Nanga inu ndikakugulani kwa ndani? Sinditsegula mpaka munene nokha kumene tikupita."

Anapuma mozama. "Makiyi a galimoto ali m'thumba lakumanzere. Koma nditulutseni kaye, anthu angadutse."

Anagona m'chipatala masiku khumi. Adokotala anandiitanira pambali n'kunena kuti tikanachedwa sabata ina, tikanakambirana zodula mwendo. Sindinawauze eni ake mpaka atachira, ndiyeno ndinawauza katatu.

Masiku ano tsiku la katemera amaima panja pa mapaipi, dzanja lili pachitsulo chija, ndipo palibe wina amaloledwa kuchikhudza. Apongozi amalowa, kupanidwa, kubayidwa, n'kutuluka asanapeze woti amupatse moni. Oyandikana nafe akabwera kudzaona, a Chitseko amawayendetsa paliponse, n'kumafotokoza kuti maganizo onsewa anali awo, ndipo anayamba alowamo okha kuti atsimikize.

"Chimenechi," amatero akumenya paipi, "chimagwira ngakhale nkhunzi yovuta chotani."

"N'zoona," ndimatero ine. "Ndinaona ndi maso anga."

Amandiyang'ana cham'mbali, n'kusunthira kumene kulibe geti, akuyenda ndi miyendo yawo yonse iwiri.