Zibangili za Indubai

"Tambasulani manja, mlamu," anatero azakhali Vimalbai, mwala woperera tsabola uli m'dzanja.

Rohini anaima pakhomo la khitchini atafungatira kamwana kake kakakazi. Phulusa la apongozi ake aamuna, a Dattatray, linali litamwazidwa kale mumtsinje. Lero amayi apafupi anasonkhana kudzamaliza zotsala: kupukuta ufa wofiira pamphumi pa wamasiye, ndi kuswa zibangili zake zagalasi zobiriwira, zimene mkazi amavala mwamuna wake akadali moyo.

Wamasiyeyo, Indubai, anali khale pamphasa, maso pansi.

"Lankhulanitu," Rohini ananong'oneza mwamuna wake Nilesh. "Bambo sakanalola zimenezi."

"Ndikangane ndi azakhali pamaliro? Khala chete iwe, mwana angadzuke."

Malemuwo anali ndi kasitolo kobwereketsa mabuku pafupi ndi depoti ya m'tauni ya Sangli. Akaweruka ankawerengera akazi awo nkhani zolembedwa ndi amayi: za atsikana okwatiwa asanakule, za amasiye ometedwa mpala. Rohini ankamvetsera akukanda ufa wa chapati, ndipo nthawi zambiri ankamva mawu a nkhalambayo akunjenjemera mpaka kuthima.

"Mabuku aja ndiwo anamupusitsa mlongo wanga," anatero Vimalbai akugwira dzanja la wamasiye. "Mwamuna wandevu kulirira akazi a papepala! Mwambo ndi mwambo."

Rohini anatsinzina.

Ngwe!

Panalibe kuyoyoka kwa galasi. Azakhali anamenyanso. Ngwe! Tizidutswa ta utoto wobiriwira tinagwera pamphasa, pansi pake pakuoneka chitsulo chotuwa. Anayesa kuzivula, koma zinakana kudutsa pachikhatho. Wosula zitsulo anali atazitsekera pamkono pomwepo.

"Chitsulo? Mlamu, mwatichita chipongwe chanji?"

"Si ine," anayankha Indubai motsitsa. "Atayamba kudwala anapita nane kwa wosula. Ndinati, 'Bambo inu, zikulemeratu izi.' Iwo anati, 'Pirira, Indu. Vimal ndimamudziwa, dzanja lake ndi la mwamuna.'"

Mayi wina anaseka, n'kudzigwira pakamwa msanga.

"Kundinyoza atafa kale!" anakalipa Vimalbai.

"Ayi, mlamu. Anali kamnyamata tsiku limene anaswa zanu. Ankati anabisala kuseri kwa chitseko, n'kuona magazi akutsika m'zala zanu. Buku lililonse ankati akuwerenga za inu."

Vimalbai anayang'ana mikono yake yopanda kanthu, pamene panali kachipsera koyera ngati ulusi.

"Dattu," anatero, kumutchula mlongo wakeyo dzina la paubwana. "Chitsiru cha mwana."

Rohini anapatsira Nilesh mwana, nadutsa pakati pa amayi aja. Anagwada, nafumbatula zala za azakhali chimodzichimodzi, mpaka mwala unatsalira m'manja mwake. Palibe anamuletsa. Nsalu yonyowa yopukutira pamphumi inangokhala m'mbale, osaikhudza munthu.

Atakabweza mwalawo kukhitchini n'kubwerako, anapeza Indubai akutola tizidutswa ta utoto tija pamphasa.

"Ankazipaka yekha utoto ukangosupuka, kuti anthu asadziwe," anatero. "Mwanawe, kayang'ane kuseri kwa mabuku. Kachitini ka utoto ndi kaburashi zili pomwepo."

Rohini anakazitenga, nakhala pansi, n'kuika dzanja la apongozi ake pabondo pake.