Nsalu ya Abale

Kalata itabwera yoti Twambilile walandira mendulo yaulemu ya MBE yochokera kwa Mfumu chifukwa chothandiza ma-carer, osamalira okalamba ndi odwala, ongofika kumene, Amalawi a ku Birmingham anachita ngati menduloyo ndi yawo. Komiti inakhala, holo inapezeka ku Aston, ndipo wapampando, Mayi Shukuru, anaitanitsa nsalu za phwando kuchokera ku Limbe: yobiriwira ya abale, yachikasu ya alendo.

Courtney anapatsidwa yachikasu.

Courtney ameneyu ndi mkazi wake wa Twambilile, onse awiri akazi, ukwati wolembetsa kuboma, zaka khumi ndi chimodzi nyumba imodzi ku Wolverhampton. Ndani sadziwa? Theka la komitiyo linatengedwa pa airport ndi Courtney yemweyo, linagona pa sofa yake ma-shift asanapezeke. Mayi Shukuru eni akewo anagonapo miyezi itatu, mkonono wawo kumveka mpaka kukhitchini. Lero ati Courtney ndi mlendo!

Twambilile anawaimbira foni. Mayiwo anayankha ndi mawu a kutchalitchi aja, kuti palibe amene akumuda Courtney, koma kubwera abusa, kubwera makamera, zithunzi zikafika kumudzi. Anati mutu umodzi susenza denga, komiti yagamula.

"Achemwali, musatiyipitsire phwando lanu lomwe," anatero.

Zinamuwawa kwambiri. Mfumu ya eni dziko yamulemekeza mmene alili, koma anthu amene anawalembera ma-CV akumusankhira wachibale. Sanakangane nawonso. Anatenga nsalu yake yobiriwira, mamita sikisi, n'kupita nayo kwa Lackson, telala wa ku Longbridge, n'kumuuza kuti atulutsemo madiresi awiri. Lackson anadandaula kuti manja sakwana. Twambilile anati asoke opanda manja.

Tsiku la phwando analowa limodzi, onse obiriwira, mikono ili pamtunda ngakhale kunja kunali chisanu. Twambilile anati apa ndiye aone, wosaona ndi wakhungu.

Koma anthu athu, aa! MC anangoseka, n'kulengeza kuti taonani mzungu wathu wokonda chikhalidwe, mnzawo wa a Twambi wavala ngati Mmalawi. Nthungululu zinalira. Azimayi anathamangira kukajambulitsa naye.

Itafika nthawi yoti ayankhule, Twambilile anasiya pepala la zothokoza patebulo.

"Uyu si mnzanga. Uyu ndi mkazi wanga."

Mayi Shukuru anakodola DJ, nyimbo ya kwaya inaphulika, ndipo anthu anaimirira kukapanga mzere wa chakudya ngati sanamve kanthu. Abusa anali kalikiliki ndi foni.

Courtney, pa zaka zonsezi, Chichewa chake ndi cha moni ndi zikomo basi. Koma mawu awiri omalizawo amawadziwa, amawamva kunyumba tsiku lililonse. Anali chikhalire pampando wake, akupukuta maso ndi nsonga ya nsalu ya abale.