Mbaula Yopulumutsa Mitengo

Mbaula ija inali yabwino, ndipo palibe amene ankatsutsa. Kunja inali yachitsulo ngati mbaula zina zonse, koma m'kati anaimata dongo lowotcha kuti moto usamathawire m'mbali. Ku ofesi yofufuza za nkhuni ndi makala ku City Centre, Eneless anawiritsira madzi pa mbaulayo kwa miyezi yambiri, akuyeza makala pa sikelo. Nthawi zonse inkadya theka la makala amene mbaula wamba inkadya.

Kenaka mbaula zotere anazigawa m'makomo angapo ku Old Town, ndipo Eneless ankapita sabata iliyonse kukayeza makala amene khomo lililonse latentha. Kafukufukuyu ankayenera kutha bwino, chifukwa anali atapeza malo ku sukulu ya kunja, ndipo chotsala chinali siginecha ya bwana wake, a Chimphonda.

Poyamba makala anatsikadi. Patapita nthawi anabwerera pomwe anali, kenaka anapitirira.

Eneless anakayikira sikelo, nakabwereka ina, koma nayonso inanena zomwezo. Ndiye tsiku lina analawirira kwa Bibi Zubeida, akazi a telala wa pafupi ndi msika, amene anali m'gulu lolandira mbaula. Anawapeza pakhonde, chiwaya chili pamoto, beseni lodzaza mandasi lili pambali.

"Bibi, mandasi onsewa kuli ukwati?"

"Ukwati wa ndani? Ndi akumsika awa. Khala pansi, mwanangu, ulaweko."

"Koma kale simunkagulitsa mandasi."

"Kale makala ankandidyera phindu lonse. Mbaula yakoyi sidya kwambiri, ndiye amene ndikudya ndine." Anaseka akutembenuza mandasi. "Nyemba ndikuphika tsiku lililonse. Bambo akunyumba ayamba kusamba madzi otentha, akuti nawonso ndi munthu. A Nasima kuseriku ayamba zitumbuwa, a Mwanasha samusa. Watitukula, mwanangu."

Podutsa pamsika, a Mikaili ogulitsa makala anamukodola ali kutali.

"Adona a mbaula! Poyamba ndinkakutukwanani chamumtima, ndinkati mwandiphera bizinesi. Pano anjinga a ku Dzalanyama akulephera kundikwaniritsa. Tengani thumba ili, laulere."

Eneless anathokoza, koma thumbalo analisiya.

Masana omwewo analowa mu ofesi ya a Chimphonda, nafotokoza mosamala. Mbaula ikupulumutsa makala pa mphika uliwonse, koma miphika yachuluka. Kuphika kwatchipa, ndiye anthu akuphika kwambiri, ndipo mitengo ikudulidwa kuposa kale.

A Chimphonda anadzuka, natseka chitseko. Anatsekanso zenera, ngakhale ofesiyo inali pamwamba pa nyumba yosanja.

"Eneless, wailesi munamvera Lachisanu?"

"Ndinamvera, bwana."

"Anduna anati mbaula yathu yapulumutsa mitengo. Sanati idzapulumutsa. Anati yapulumutsa. Ndiye mukufuna ine ndikawauze chiyani? Kuti analakwitsa?"

"Ine ndangoyeza, bwana."

"Kayezeninso. Sikelo ilibe khadi la chipani, palibe amene akaifunse mafunso. Akafunsa inu ndi ine."

Atatero anatenga mapepala a sukulu a Eneless amene anali pamwamba pa mulu, nawalowetsa pansi penipeni, modekha, ngati akungokonza patebulo.

Eneless anabwerera kwa Bibi Zubeida. Anazungulira nkhani nthawi yaitali, akufunsa za ana ndi za mvula, kenaka anapempha kuti mandasi ayambe aima kwa mwezi umodzi.

"Mwezi wathunthu? Makasitomala anga ukawauza ndiwe?" Bibi anamuyang'ana kumaso, natsitsa mawu. "Akukuvutitsa kuntchito eti?"

Eneless anagwedeza mutu kuvomera.

"Tandiuza. Umayeza makala a nyumba ino yokha? Kwa mng'ono wanga Asiya, kuseri kwa mzikiti, sufikako?"

"Iwo aja sali m'kafukufuku."

"Basitu. Tizikakazingira kumeneko. Iwe uzibwera ndi sikelo yako, uzipeza zimene ukufuna."

Eneless anafuna kunena kuti si zimene amatanthauza. Koma ataganiza bwino anaona kuti ndi zomwezo.

Mbaula za ofesi sizinkaloledwa kuchoka pakhomo, choncho Bibi Zubeida anauza mmisiri wa malata wa kumsika kuti asule ina yofanana nazo, napeza woumba woti aimate dongo. A Nasima ndi a Mwanasha, amenenso anali m'kafukufuku, atamva nzeruyo anasamutsiranso ziwaya zawo kwa abale. Abalewo, ataona mmene ntchito ikuyendera, anagula mbaula zawozawo n'kuyamba kukazinga nawo. Mmisiri uja analeka kusula zidebe. Utsi wa mafuta unkamveka mpaka kudepoti ya mabasi.

Koma m'makomo a kafukufuku makala anatsika mokongola. Eneless ankayeza mosamala monga kale, ndipo sanalembe nambala yabodza ngakhale imodzi.

A Chimphonda anawerenga lipoti lake chitseko chili chotsegula. Anaitana ngakhale mlembi wawo kuti adzaone mzere wa makala wotsetsereka bwino pa pepala.

"Mwaona? Sayansi imafuna kudekha." Anasolola mapepala a sukulu pansi pa mulu, nasaina. "Ndipo nkhani yabwino ndi iyi. Akuluakulu akondwa kwambiri. Alamula kuti mbaulayi ifike m'maboma onse, kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa. Maphunziro anu akhala a zimenezo, kafalitsidwe kake."

"M'maboma onse, bwana?"

"Onse. Pitani mukaphunzire ndi mtima umodzi. Mitengo mudzaipeza ikukudikirani."

Eneless anapinda maondo pang'ono, nalandira mapepalawo ndi manja awiri.

"Zikomo kwambiri, bwana."