Pilo Pansi pa Bondo

Bondo limene madokotala anang'amba ndi lakumanzere, lopondera klatchi. Anasoka chicherewecherewe chimene ndinachiwononga podumpha pa lole ngati mnyamata, ine munthu wa imvi kale. Abwana sanabise mawu: lole indidikira, koma osati mpaka kalekale. Tsiku limene ndidzaponde klatchi mpaka pansi, makiyi ndi anga. Apo ayi, ofuna ntchito ndi ambiri pageti.

Ndiye ndinakhala pa sofa, mwendo uli tantha, ndodo zoyendera zitatsamira khoma. Kupita kuchimbudzi unali ulendo wofunika kutsanzika. Ndinatopa ndi denga, ndinatopa ndi wailesi, ndinatopanso ndi alendo ondiuza za amalume awo amene anachira msanga.

Mkazi wanga ndi munthu woti nkhuku ikamaphedwa amathawira kuchipinda. Ndikangobuula pang'ono, ankabwera ndi pilo n'kundilowetsera pansi pa bondo. Ululu unkangoti zii. Ndinkamudalitsa mumtima, tulo n'kubwera.

Nthawi yoyamba masewera olimbitsa mwendo itakwana, tinapita kwa mayi wina wa kuchipatala amene odwala onse amangomutchula kuti a Fizo. M'chipinda mwawo munali bedi lopapatiza ndi njinga yopalasa koma yosapita kulikonse.

"Wongolani mwendo, bambo," anatero a Fizo.

"Ndawongola."

"Wongolani zenizeni."

"Mayi, pamenepa ndiye pothera."

Analowetsa chibakera pansi pa bondo langa, chinadutsa osakhudza kanthu. Anandifunsa mmene ndimagonera kunyumba. Ndisanatsegule pakamwa, mkazi wanga anayankha monyadira kuti pilo sachoka pansi pa bondolo, usana ndi usiku.

A Fizo anapumira m'mwamba. "Mayi, pilo amaikidwa ku chidendene, kuti bondo lizitsika lokha. Mukamuika pansi pa bondo, bondolo limazolowera kupinda, n'kuuma choncho. Likakana kuwongoka, abwereranso ku opaleshoni akaliwongole mokakamiza."

Mwina anatiuzapo zimenezi tsiku lotuluka m'chipatala, kaya. Ine mankhwala anali adakali m'mutu, iye anali kalikiliki ndi zikwama. Ndinamuyang'ana mkazi wanga, nkhope yake itagwa, ndipo ndinamumvera chisoni kuposa mwendo.

A Fizo anamuphunzitsa chochita: thaulo lokulunga pansi pa chidendene, manja onse awiri pa ntchafu pamwamba pa bondo, osati pa bala, kenako kukanikiza pang'onopang'ono.

"Akabuula musachotse manja," anatero a Fizo. "Madalaivala ndimawadziwa, amalira kuposa ana."

Kunyumba zinavuta. Ndikangoti "mayo", iye manja mwamsanga kumbuyo, n'kuyamba kupepesa. Ndinkakalipa kuti akanikize, akakanikiza ndinkakalipa kuti akundipha. Masiku ankapita, chibakera chikudutsabe pansi pa bondo. Kenako mnzanga wa kuntchito anaimba foni, m'nkhani zina n'kutchula kuti lole yanga akuiyendetsa kaye munthu wina, ndipo abwana akumuyamikira.

Masana amenewo mkazi wanga atabwera ndi thaulo, ndinatembenukira kukhoma.

"Lero tipume, amayi. Ndatopa. Lole aitenge, mwendo ukhale mmene ulilimu."

Anandinyamula chidendene, anaika thaulo, anagwada pambali pa sofa n'kuika manja pa ntchafu. Anakanikiza. Moto unayaka kuseri kwa bondo mpaka m'chiuno.

"Mayo! Basi, basi!"

Manja sanachoke.

"Ndati basi! Kodi simukumva?"

Ndinadzutsa mutu kuti ndimukalipire bwino. Anali atatsinzina, misozi ikutsikira kuchibwano n'kudonthera pa mwendo wanga, koma thupi lake lonse analitsamiritsa pa ine.

"Lirani, abambo," anatero. "Nditukwaneni ngati mukufuna. Ndinalipinda ndine bondoli, ndipo sindichoka pano."