Thonje M'khutu la Ida

Chikuku chitadutsa m'mudzi mwathu ku Kalembo, chinatenga ana atatu a anzanga n'kundisiyira Ida wanga wamoyo. Ndinafulumira kuthokoza. Pasanathe mwezi makutu ake anayamba kutuluka mafinya, ndipo pofika nyengo yopalira thonje khutu lakumanzere linali litafa. Unkatha kumenya chitini pafupi nalo, mwana osaphethira n'komwe.

Ida anali ndi zaka zinayi, ndipo bambo ake, a Yotamu, anali asanamuonepo. Anapita ku Halale kukagwira ntchito m'minda ya fodya ine ndili ndi pakati. Makalata ankabwera ndithu, odzaza malonjezo ngati a munthu wofunsira mbeta. Koma kalata ya chaka chimenecho inatchula tsiku. Aphunzitsi a kutchalitchi atandiwerengera, anati bambowo adzatsika sitima pa Balaka Loweruka loyamba la Ogasiti.

Ndinawerenga miyezi pa zala. Ndinali ndi kayesedwe kanga ka khutu lotsalalo. Ndinkamuimika Ida pakhonde atayang'ana kukhoma, ine n'kumabwerera cham'mbuyo ndikuitana dzina lake. M'mwezi wa Malichi ankandimva ndili pakhola la mbuzi. Mu Epulo kukhola kunatalika, ankandimva ndili pankhokwe. Pofika Meyi ndinkachita kuima pathandala la mbale, mapazi asanu okha kuchokera pamene iye ali, n'kukuwa ngati ndikuitana munthu wa kutsidya.

Ndinamubereka mpaka kuchipatala cha mishoni, ulendo wa tsiku lathunthu. Asisitere anasuzumira m'khutumo, analitsuka, n'kundipatsa kabotolo. Anati ndizilipukuta n'kulisiya lipitidwe mphepo. Nditafunsa ngati kumva kudzabwerera, anangotembenuza manja. Mankhwala anatha pa sabata ziwiri, mafinya osatha.

Ine kusukulu sindinapondeko, koma maso ndili nawo. Mafinya akatuluka, kumva kunkachepa. Nanga pamenepo pakufunika mzungu kuti akuuze? Mtsuko ukamadontha umaumata phula, ndiye madzi amafika kumudzi. Ndinawauza a Asiya, anzanga a nyumba yoyandikana, tikutola thonje m'munda, kuti khutulo ndilimata.

"Amake Ida, asisitere aja si anati lizikhala lotsegula?" anandifunsa.

"Iyayi achemwali, asisitere alibe mwana. Kumva kwatsalako n'kochepa. Ndikakusiya kuti kuthere pa kulira kwa nkhuku ndi phokoso la mitondo, bambo ake adzapeza chiyani? Mwana angakule osamvapo mawu a bambo wake?"

A Asiya anangoti, "Kaya," n'kupitiriza kutola. Ine ndinakwiya nawo tsiku lonse.

Madzulo ake ndinasankha thonje loyera mbee, lija amalikonda ogula kumsika. Ndinachotsa njere, ndinaliviika m'mafuta a nsatsi, ndipo ndinamuika Ida pamiyendo. Ndinagunditsa pakamwa panga pakhutu lake lotsalalo n'kunena kuti, "Kumva kwatsalaku tikusungira atate ako. Akabwera ndidzachotsa, udzamva mawu awo." Anagwedeza mutu, akumwetulira. Ndinakankhira thonje lija mkati ndi kamtengo, pamwamba n'kumata phula la njuchi, kenako n'kumumanga duku.

Miyezi iwiri yotsatirayo sindinamuyankhule. Ndinkaopa kuti mawu anga angadutse phula n'kudya zimene ndikusunga. Ndinkangomukodola ndi dzanja, kumuloza madzi, kumuloza mphasa. Mwana amene anali wolongolola ngati mpheta anayamba kuyankhula mokuwa, kenako mawu anayamba kuchepa. Ana anzake atayamba kumutcha gonthi, ndinawathamangitsa ndi chikuni mpaka kwa amayi awo, ndipo amayi awowo ndinawauza zawo.

Sabata yachitatu khutu linatentha. Ida ankalira, ankafuna kuzula duku, ine n'kumamugwira manja. Fungo litayamba kumveka ndinaonjezera phula lina pamwamba. Mtima unkandiwawa, ndisaname, ndinkalira naye limodzi. Koma ndinkadziuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Patapita masiku ululu unaleka, ndipo ndinati basi, bala lapola.

Loweruka lija tinafika pa Balaka dzuwa lili pamutu. Sitima inalowa ikufuka utsi, nthaka ikunjenjemera, ndipo italiza wezulo anthu onse anagwira m'makutu. Ida sanacheuke n'komwe, ankangoyang'ana mayi wina wogulitsa nzimbe. Chitsiru ine, ndinanyada. Ndinati phula langa lagwira ntchito.

A Yotamu anatsika atavala jekete ndi chipewa, atanyamula sutikesi yachitsulo. Anali atawonda. Atangomuona mwana anaika katundu pansi n'kutsegula pakamwa, koma ine ndinawagwira mkono.

"Dikirani kaye, bambo a Ida. Musayankhule pano, pali phokoso."

Ndinawatengera kuseri kwa sitolo ya Mmwenye, pansi pa mtengo wa mango, n'kuwafotokozera zonse mwachidule. Ndinamumasula Ida duku, ndinamatula phula, ndipo ndinatola kamtengo n'kukoka thonje lija. Linatuluka lakuda, lonyowa, fungo lake mpaka a Yotamu anabwerera m'mbuyo. Ndinapukuta khutulo ndi nsonga ya chitenje.

"Tsopano muitaneni."

Anagwada. "Ida," anatero mofatsa.

"Kwezani mawu!"

"Ida! Ndine bambo ako, ndabwera!"

Mwana ankangoyang'ana milomo yawo. A Yotamu anasendeza pakamwa mpaka kukhudza khutu, n'kuitananso. Ida anapinda khosi chifukwa mpweya unamugirigisha, basi. Ndinawakankha amuna anga n'kukuwa ndekha, ndinakuwa mpaka ogula m'sitolo anatuluka kudzaona amene wamwalira. Pamenepo m'pamene ndinadziwa chimene ndachita. Bambo ake sadzawamva. Ndipo miyezi iwiri yomaliza imene akanandimva ine mayi wake, ndinaitha ndili chete, ndikumukodola ndi dzanja ngati mlendo. Ndinakhala pansi pafumbi.

Ida anabwera n'kudzakhala pamiyendo panga monga tsiku lija. Anandigwira chibwano kuti ndimuyang'ane, n'kuyankhula mokweza, ndi mawu a munthu amene sakudzimva.

"Amayi, latsalamo lina. Chotsani lonse, ndimve atate."

Ndinasuzumira m'khutumo. Munalibe kanthu. Koma iye anali atapendeketsa kale mutu, atatsinzina, akudikira modekha. Ndinatolanso kamtengo kaja n'kuyamba kunamizira kufufuza.